Lole ya chimanga ikasanduka ambulansi

Namondwe Freddy atafika m'chigawo cha kummwera mu Marichi 2023, madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre. Kutacha, anthu ankakumba ndi makasu, mafosholo, ena ndi manja enieni. Wovulala akatulutsidwa m'matopemo, funso linali limodzi: afika bwanji ku chipatala cha Queen Elizabeth?

Ambulansi zinali zochepa poyerekeza ndi anthu ofuna thandizo. Ntchito yambiri inagwera magalimoto wamba, malole a asilikali, mapikapu a apolisi, a mabungwe ndiponso a anthu ongodzipereka. Galimoto imene dzulo lake inanyamula simenti kapena matumba a chimanga inanyamula ovulala popita, n'kubwerera ndi okumba, zingwe ndi mabulangete.

Ubwino wa galimoto yotere uli kumbuyo kwake. Ndi malo opanda kanthu, choncho amalandira chilichonse. Pikapu ngati Toyota Hilux imasenza katundu wokwana pafupifupi tani imodzi: machira, jenereta, nyali, macheka odulira mitengo yogwera mumsewu, ngakhalenso kukoka bwato la injini mpaka pamene msewu wathera. Ikawonongeka, makaniko wa ku Limbe kapena ku Chitakale amaidziwa ngati khasu lake, ndipo zitsulo zake zimapezeka tsiku lomwelo. Galimoto yopangidwira ntchito yopulumutsa anthu yokha ndi yamtengo wapatali, ndipo kachitsulo kamodzi kakathyoka imatha kukhala pamiyala miyezi ingapo kudikira kuti kachokere kunja.

Komabe lole si bwato. Madzi othamanga ofika masentimita 60 okha amatha kukokolola ngakhale pikapu yaikulu, ndipo injini ikamwa madzi imazimiratu pakati pa mtsinje, opulumutsa n'kusanduka ofuna kupulumutsidwa. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amakweza paipi yopumira injini kufika padenga, amaika makina okokera chingwe kutsogolo, ndi matayala a m'matope. Ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Mulanje, kumene Freddy anadula misewu ndi milatho, midzi ina inafikiridwa ndi mabwato komanso ndege za helikoputala, zina zochokera ku Tanzania ndi Zambia.

Chondiwawa n'chakuti timakumbukira magalimotowa madzi atalowa kale m'nyumba. Makomiti a ngozi zogwa mwadzidzidzi, omwe amagwira ntchito ndi nthambi ya boma yoona za ngozi ya DoDMA m'maboma, akhoza kulemberatu mvula isanayambe eni malole ndi mapikapu ofuna kuthandiza, n'kugwirizana nawo za mafuta. Zingwe, machira ndi mafosholo zisungidwe pamalo odziwika kuti galimoto iliyonse ingofika n'kupakira. Madalaivala nawonso aphunzitsidwe kunyamula munthu wovulala msana, chifukwa kumugoneka molakwika kumbuyo kwa lole mumsewu wa mabampu kungamulumalitse moyo wake wonse.