Makapisozi Awiri Sachiza Chibayo

Mwana wina wa pa madrasa yathu kuno ku Nchalo anajomba mlungu wathunthu. Titapita kukamuzonda tinampeza akubanika, nthiti zikulowa m'kati popuma. Mayi ake anatiuza kuti anamugulira makapisozi anayi a Amoxicillin pa okala. Atamwa awiri thupi linazizira, choncho otsalawo anawasunga poti mwina mng'ono wake adzawafuna. Patapita masiku atatu chibayo chinabweranso mwaukali, ndipo mwanayo anakagonekedwa kuchipatala. Alhamdulillah, anachira.

Sitikuwanena mayiwa ayi, pakuti ambirife tachitapo zomwezi. Chipatala chili kutali, ya kabaza palibe, ndipo nthawi zina ukafika umamva kuti mankhwala atha. Komabe, abale ndi alongo, chizolowezi chimenechi chikutipweteka.

Mankhwala monga Amoxicillin, Bactrim, Doxycycline ndi Cipro amapha tizilombo totchedwa bakiteriya, timene timayambitsa chibayo, tayifodi, matenda a m'chikhodzodzo ndi zilonda za mafinya. Sachiza chimfine, ndiponso salowa m'malo mwa LA munthu akadwala malungo. Tikamwa operewera, kapena tikamwa pamene sakufunika, tizilombo tofooka timafa koma tolimba timatsala n'kuswana, kenaka timapita kwa ena kudzera m'manja ndi m'madzi. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjeza za zimenezi mu 1945.

Chenjezo lakelo linatifika. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe odwala a ku Chikwawa ndi Nsanje amatumizidwa zikavuta, ankapeza odwala tayifodi pafupifupi 14 pa chaka pakati pa 1998 ndi 2010. Mu 2014 anapeza 782, ndipo mwa 100 alionse, 97 anali ndi tizilombo tosamva Amoxicillin, Bactrim ndi Chloramphenicol, mankhwala otchipa amene tinkawadalira. Ife a m'chigwa cha Shire tili pa chiopsezo chachikulu, kaamba koti madzi akasefukira, monga mu 2015 ndi pa namondwe wa Freddy mu 2023, zimbudzi zimagwa ndipo zitsime zimaipa. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chopulumutsa wodwala kolera ndi Thanzi ORS ndi kuthamangira naye kuchipatala, osati kumumwetsa Doxycycline kunyumba.

Dokotala akatilembera mankhwala, tisachite manyazi kufunsa: kangati pa tsiku, kwa masiku angati? Timwe mpaka tsiku lomwe watiuza, ngakhale thupi litapepuka. "Katatu pa tsiku" kutanthauza pafupifupi maola 8 alionse, osati nthawi iliyonse tikakumbukira. Mwana amapatsidwa molingana ndi sikelo yake, n'chifukwa chake si bwino kumutsegulira kapisozi wa bambo ake. Mayi woyembekezera anene za mimba yake asanalandire mankhwala, makamaka Doxycycline. Ndipo aliyense womwa Doxycycline amwere madzi ambiri, osati mkaka, asagonenso nthawi yomweyo. Mankhwala amadzi a ana, akasungunulidwa, sachedwa kuwonongeka ndi kutentha kwa kwathu kuno. Tiwaike pozizira, pafupi ndi mtsuko, ndipo otsala titaye. Bactrim amene achibale athu ena amalandira pamodzi ndi ma ARV ndi wa iwo okha. Wina akatuluka zidzolo, zilonda m'kamwa kapena kutupa nkhope atamwa mankhwala, asiye ndi kubwerera kuchipatala tsiku lomwelo.

Funso limene makolo amatifunsa chaka chilichonse ndi la mwezi wa Ramadhani. Ena amamwa makapisozi awiri pa futari ndi limodzi pa daku kuti asamasule swaumu. Kutero kumasiya thupi maola ambiri lopanda mankhwala, ndipo tizilombo timapeza mpata. Qur'an, m'Surah Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, yalola wodwala kumasula ndi kudzabweza masikuwo akachira. Mwa ichi, wodwala auze dokotala kuti ali pa swaumu. Pa matenda ena alipo mankhwala omwa kamodzi kapena kawiri pa tsiku, amene angathe kumwedwa pa daku ndi pa futari. Dokotala akati palibe, amasule, awerenge masiku amene wamasulawo, ndipo adzawabweze Ramadhani yotsatira isanafike, Insha Allah.