Potência: mawu oti "katatu" angasocheretse mwana

Mwana akaona 2³ pa bolodi n'kuyankha kuti 6, sikuti sadziwa kuwerengera. Kawirikawiri cholakwa chimayambira pa kamasuliridwe. Mphunzitsi akanena kuti "2 katatu", mwana amamva monga amamvera kunyumba: mazira awiri katatu ndi mazira 6. Kumeneko n'kuwonkhetsa. Koma 2³ ndi 2 × 2 × 2, ndipo yankho lake ndi 8. Choncho ndi bwino kuwerenga kuti "2 kuchulukitsa ndi 2, kuchulukitsanso ndi 2".

Mawu ofunika

Mabuku a Chipwitikizi ali ndi mayina atatu amene mwana adzakumana nawo pa mayeso. Base ndi nambala yapansi, imene ikuchulukitsidwa. Expoente ndi kanambala kam'mwamba, kosonyeza kuti base ilembedwe kangati. Zonse pamodzi ndi potência. Mphunzitsi afotokoze tanthauzo m'Chinyanja, kenako apereke dzina la Chipwitikizi.

Mu álgebra, chilembo monga a chimaimira nambala, ndipo chimatchedwa variável. Apanso msampha ndi womwe uja: a + a + a ndi 3a, pomwe a × a × a ndi a³. Ngati a ndi 5, 3a ndi 15 koma a³ ndi 125.

Malamulo anayi

1. Pochulukitsa ma potência a base imodzi, ma expoente amawonkhetsedwa. 2³ × 2² ndi (2 × 2 × 2) × (2 × 2). Ma 2 onse alipo asanu, ndiye yankho ndi 2⁵, kapena 32. Base sisintha, choncho 4⁵ ndi yankho lolakwa.

2. Pogawa, expoente yachiwiri imachotsedwa pa yoyamba: 3⁵ ÷ 3² = 3³ = 27.

3. Potência ikakhala ndi expoente ina kunja, ma expoente amachulukitsidwa: (2³)² ndi 2³ × 2³, ndiye kuti 2⁶, kapena 64.

4. Nambala iliyonse, kupatula 0, ikakhala ndi expoente 0 yankho ndi 1. Lamuloli likuchokera pa lachiwiri: 5² ÷ 5² ndi 5⁰, ndipo 25 kugawa ndi 25 ndi 1.

Malamulo awiri oyambawo sagwira ntchito powonkhetsa kapena pochotsa. 2³ + 2² ndi 8 + 4, ndiye kuti 12, osati 32.

M'kalasi

Mwana amene wangoloweza lamulo sachedwa kulisokoneza ndi linzake. Pa masiku oyamba, ana azitambasula potência iliyonse m'kope, awerenge ma base ndi chala, kenako anene okha m'Chinyanja zimene aona. Wina akati "ma 2 atatu ndi ma 2 awiri apanga ma 2 asanu ochulukitsana", ndiye kuti walipeza yekha lamulo loyamba. Pamenepo mphunzitsi angalembe aᵐ × aⁿ = aᵐ⁺ⁿ ndi kulitchula m'Chipwitikizi.