Mphanda ndi Luzi, Bowo ndi Chikhomo: Kaphunziridwe ka Kulumikiza Mitengo ya Nyumba ku Kasinje ndi ku Maiko Ena

Mmisiri aliyense womanga ndi mitengo amalimbana ndi funso limodzi, loti mitengo iwiri igwirane bwanji kuti isenze denga popanda kulekana mphepo ikaomba. Anthu a ku Kasinje, m'chigwa cha Bwanje m'boma la Ntcheu, anali ndi yankho lawo misomali isanafike, monganso amisiri a ku Ulaya ndi ku Japan anali ndi lawo, ndipo kusiyana kwa mayankhowa kunachokera ku mitengo ya m'nkhalango zawo, ku nyengo, ndi ku zaka zimene nyumba inkayembekezeka kukhala.

M'nyumba yomata ya makolo, katundu yense amatsamira pa nsichi, zimene ndi mitengo yozikidwa m'nthaka mondondozana, ndipo nsichizo zimagwirizidwa ndi mbalo, timitengo tofewa tomangidwa mopingasa kunja ndi mkati dothi lisanamatidwe. Pamene pafunika kusenza mtanda, womanga safuna kusema kanthu, koma amakasankha kuthengo mtengo wa mphanda, umene nthambi zake ziwiri zinakula kale ngati dzanja lolandira, kotero kuti mfundo yake ndi yolimba kuposa yosemedwa ndi chitsulo chifukwa minyewa ya mtengo sinadulidwe. Mapaso, omwe ndi mitengo yotsetsereka yonyamula udzu, amamangidwa ndi luzi la mombo lonyowetsedwa, limene limakungika likamauma. Pa nyumba zozungulira ndi pa nkhokwe, denga limalukidwa pansi kenaka n'kunyamulidwa ndi anthu ambiri, ndipo mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga umanena za ntchito yeniyeni imeneyi.

Luso limeneli linalibe sukulu, chifukwa mnyamata ankaliphunzira potsatira bambo ake kapena amalume ake kukadula mitengo m'chilimwe, kumene ankazindikira kuti muwanga ndi tsanya zimapirira chiswe, kuti nsungwi yosakhwima imafumbwa msanga, ndiponso kuti luzi limasendedwa bwino mtengo ukadali ndi madzi. Mayeso ake anali gowelo, kanyumba kamene anyamata osakwatira ankadzimangira, ndipo pambuyo pake mkamwini ankaonetsa uchamuna wake pomanga nyumba ndi nkhokwe kuchikamwini, apongozi akuona.

Ku Ulaya, kumene kuli mitengo ya oak yowongoka ndi yaitali, amisiri anatsata njira ina, yosema mtengo kuti ukhale wa mbali zinayi, kuboola bowo pa mtanda umodzi, kusema lilime pa mtanda wina kuti lilowe m'bowolo ndendende, ndi kukhomapo chikhomo cha mtengo. Denga la Westminster Hall ku London, limene mmisiri Hugh Herland anamanga m'zaka za m'ma 1390, lidakalipo mpaka lero. Ku Germany, wophunzira akamaliza kwa mphunzitsi wake amatha kuyenda zaka zitatu ndi tsiku limodzi akugwira ntchito kwa amisiri osiyanasiyana, mwambo wotchedwa Walz, ndipo pamene tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris chinapsa pa 15 Epulo 2019, kunapezeka amisiri okwanira kusema mitanda yatsopano ndi nkhwangwa monga kale, mpaka chinatsegulidwanso mu Disembala 2024.

Chitsanzo chimene chikuyandikira kwambiri nzeru ya ku Kasinje chili ku Japan. Ngakhale kachisi wa Horyu-ji ku Nara waima zaka zoposa 1,300, kachisi wa ku Ise amamangidwanso mwatsopano zaka 20 zilizonse, ndipo komaliza kunali mu 2013. Kumanganso kotereku kumapatsa mbadwo uliwonse mpata wogwira zida pafupi ndi akuluakulu, monga momwe kufolera ndi kusintha nsichi zodyedwa ndi chiswe kunkaphunzitsira ana a m'chigwa cha Bwanje chaka ndi chaka. M'dera lotentha la chiswe chambiri, nyumba yokonzedwa kawirikawiri sinali chizindikiro cha ulesi kapena umbuli, koma njira yosungira luso m'manja mwa anthu amoyo.

Ukalipentala wa sowo, pulena ndi tchizulo unalowa m'Malawi kudzera mu mishoni, makamaka ku Blantyre ndi ku Livingstonia kumene Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun mu 1894, ndipo lero umaphunzitsidwa m'makoleji a zaluso monga Namitete, Nasawa ndi Salima, pansi pa bungwe la TEVETA limene linakhazikitsidwa mu 1999. Komabe achinyamata ambiri a m'misika ya mumsewu wa M5 amaphunzira pa shedi ya mmisiri, kuyambira pa kupala matabwa mpaka pa kupanga zitseko ndi mafelemu, kumene bowo ndi lilime zimagwiritsidwa ntchito ndithu. Chodabwitsa n'chakuti luso lomweli silikwera padenga, chifukwa kumeneko milimo ya bulugamu, nthawi zambiri yaiwisi, imangokhomedwa ndi misomali, imang'ambika ikamauma, ndipo ngati mtanda wa pamwamba pa khoma sunamangiriridwe ndi waya wolowa m'mizere ingapo ya njerwa, mphepo ya mvula yoyamba imasasula malata pamodzi ndi mitengo yake.

Denga lotere lataya kukungika kwa luzi lisanapeze kulimba kwa chikhomo, ndipo vutoli likukulira limodzi ndi kutha kwa nkhalango, popeza makala ndi minda zadya mombo ndi muwanga zimene zinali buku la wophunzira wakale. Amisiri a ku Ise amadalira mitengo ya hinoki imene inasamalidwa ndi anthu amene sanaione itakhwima, ndipo mmisiri wa ku Kasinje amene akuphunzitsa mnyamata kusema lilime lolowa bwino m'bowo ayenera kumuonetsanso kuumitsa mtengo, kuuteteza ku chiswe, ndi kusiya mphukira za muwanga m'munda kuti mdzukulu wake adzapeze chosema.