Mutu Umodzi, Maphunziro Anayi: Chitsanzo cha Sitima ku Raylton

Mwana wa zaka 6 sagawa zimene akuona m'maphunziro osiyanasiyana. Sitima ikamadutsa amawerenga mabogi, amafunsa chimene chikuikoka, ndipo madzulo amakafotokozera agogo ake. Masamu, sayansi ndi chiyankhulo zachitika pa chinthu chimodzi. M'gawo lino muona momwe mungakonzere sabata ya maphunziro a ana a Giredi 1 ndi 2, kapena Sitandade 1 ndi 2, potsata mutu umodzi.

Choyamba mudziwe kuti mutu sulowa m'malo mwa silabasi. Ntchito yake ndi kubweretsa mawu omwewo kwa mwana kambirimbiri. Phunziro la kuwerenga likakhala la mbuzi, la masamu la malalanje, la sayansi la mvula, mwana amakumana ndi mawu atsopano ola lililonse ndipo ambiri amamupulumuka. Koma mawu 10 okha akamabwerabwera m'maphunziro onse kwa masiku 5, amawamva, amawanena, amawawerenga ndi kuwalemba mpaka akhazikika.

Kusankha mutu

Mutu wabwino ndi umene ana auona ndi maso awo. Tiyeni titenge dera la Raylton mumzinda wa Bulawayo, ku Zimbabwe. Njanji inafika mumzindawu mu 1897, ndipo Raylton anamangidwa pafupi ndi siteshoni ngati malo okhala ogwira ntchito ku njanji. M'derali muli nyumba yosungiramo mbiri ya njanji, Bulawayo Railway Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1972. Mmenemo muli mitu ya sitima zakale zoyendera malasha, kuphatikizapo kakang'ono kotchedwa Jack Tar, komwe kanagwira ntchito pomanga mlatho wa Victoria Falls umene unatsegulidwa mu 1905.

Mutu wa sitima uli ndi phindu linanso kwa inu ophunzitsa chiyankhulo. Anthu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anagwira ntchito ku njanji ya dzikoli, ndipo zidzukulu zawo zili m'makalasi a ku Bulawayo lero. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amavomereza ziyankhulo 16, ndipo Chichewa ndi chimodzi mwa izo. Choncho m'kalasi imodzi mutha kupeza ana oyankhula Chindebele, Chishona ndi Chichewa, onse odziwa sitima.

Kuwerenga

Yambani ndi makutu. Funsani ana dzina la chinthuchi m'chiyankhulo cha kwawo. Wina anena sitima, wina chitima, wina isitimela. Awombe m'manja pa phatikizo lililonse: si-ti-ma katatu, chi-ti-ma katatu, i-si-ti-me-la kasanu. Afunseni phatikizo limene likumveka m'mawu onse atatu. Akapeza ti, aona okha kuti ziyankhulo zawo zimamangidwa mofanana: phatikizo lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u.

Kenaka pangani sitima ya maphatikizo. Tengani timabokosi ta machesi, lembani phatikizo limodzi pa kabokosi kalikonse, ndipo ana azilumikiza mabogi kuti mawu apangike. Apa samalani. Mawu owerenga akhale a malembo amene mwaphunzitsa kale. Ngati ana adziwa m, t, s ndi l, apatseni sitima, moto, mutu, tala. Mawu monga njanji, nthunzi ndi malasha ali ndi maphatikizo ovuta. Awamve ndi kuwanena sabata yonse, koma musawakakamize kuwawerenga nthawi yake isanakwane.

Kulemba

Mwana amalemba mosangalala akadziwa amene adzawerenge. Sandutsani ngodya ya kalasi kukhala siteshoni. Mwana aliyense alembe tikiti yake: dzina lake, kumene akuchokera ndi kumene akupita. Mnzake wina akhale kondakitala woiwerenga mokweza. Amene sanayambe kulemba mawu ajambule, inu mulembe pansi pake zimene wanena.

Tsiku lachinayi itanani munthu wachikulire amene anagwirapo ntchito ku njanji kuti adzacheze ndi ana. Akachoka, lembani pamodzi ziganizo 4 pa bolodi: ana anene, inu mulembe akuona. Nkhani imeneyi ndiyo idzakhale yowerenga Lachisanu, ndipo sidzawavuta chifukwa mawu ake ndi awo omwe.

Masamu

Timabokosi tomwe tija tigwirenso ntchito. Sitima ya mabogi 5 ikalumikizidwa ndi ena 3, mabogi onse ndi angati? Ikasiya 2 pa siteshoni, atsala angati? Ana anene funsolo m'chiganizo chathunthu asanalembe manambala, pakuti ana ambiri amalephera masamu chifukwa cha mawu a funso, osati manambala. Kwa a Giredi 2, bogi iliyonse inyamule timiyala 10. Mabogi 2 odzaza ndi timiyala 3 totsala panja ndi 23. Umu ndi momwe makumi ndi timodzitimodzi amaonekera ndi maso.

Pa kuyeza, gwiritsani ntchito mfundo iyi: mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ndi mamilimita 1,067 ku Zimbabwe, ku Zambia, ku Malawi ndi pa njanji zikuluzikulu za ku Mozambique. Dulani chingwe cha utali umenewu, kungopitirira mita imodzi pang'ono, ndipo jambulani mizere iwiri pabwalo. Ana ayeze mpatawo ndi mapazi awo. Mayankho akasiyana, afunseni chifukwa chake. Apa ndi pamene amamvetsa kufunika kwa muyeso umodzi. Musawatengere ana pa njanji yeniyeni, chingwe n'chokwanira.

Sayansi

Sitima za m'nyumba yosungiramo mbiri ija zinkawotcha malasha, moto n'kuwiritsa madzi, nthunzi n'kukankha zitsulo zoyendetsa mawilo. Wiritsani madzi m'ketulo, ana ali patali, ndipo ikani mbale yozizira pamwamba pa nthunzi. Madontho akagwa, afunseni kumene achokera. Athandizeni kusiyanitsa utsi, wochokera ku moto, ndi nthunzi, yochokera ku madzi. Auzeninso kuti sitima zambiri za masiku ano zimayendera dizilo.

Tsiku lina ayerekeze kabokosi ka mawilo a zitsekerero za mabotolo ndi kena kopanda mawilo, pa thabwa lopendekeka ndi pamchenga. Asanayese, aliyense anene: "Ndikuganiza kuti... chifukwa..." Chiganizo chimenechi ndi phunziro la chiyankhulo lobisika m'sayansi.

Msampha woyenera kupewa

N'zotheka kutha sabata yonse ana akuimba, kujambula ndi kumata mabogi, koma osaphunzira lembo ngakhale limodzi. Kalasi imaoneka yokongola, mwana n'kupita m'kalasi yotsatira asakutha kuwerenga. Kuti izi zisachitike, yambani ndi silabasi. Lembani luso limene mukufuna pa phunziro lililonse, kenaka funsani ngati mutu ungalithandize. Ngati sukugwirizana nalo, liphunzitseni palokha. Lachisanu itanani ana angapo mmodzimmodzi, awerenge mawu 5 ndi kuyankha funso limodzi la masamu. Zotsatira zake ndizo zikuuzeni ngati sabata yapindula.

Ngati kwanu kulibe njanji

Aphunzitsi a ku Balaka, Limbe ndi Moatize angatenge mutuwu monga ulili. Ena sankhani chimene ana anu amachiona tsiku ndi tsiku: bwato ku Nkhotakota kapena ku Metangula, msika ku Lusaka, chigayo kumudzi. Kalembedwe tsatirani ka dziko lanu; pamene a ku Malawi alemba ch, a ku Zambia amalemba c.

Ntchito yanu

Sankhani mutu umodzi wa m'dera lanu. Lembani mawu 10 a mutuwo ndipo muwagawe pawiri: amene ana angawerenge ndi malembo omwe aphunzira kale, ndi amene angowamva ndi kuwanena. Pa phunziro lililonse mwa anayi aja, lembani luso la m'silabasi ndi chochita chimodzi. Yesani m'kalasi mwanu kwa sabata imodzi, ndipo mudzabwere ndi zolemba za ana atatu pa mkumano wotsatira wa gulu lanu.