Dziwe la madzi othirira: zimene tingaphunzire ku Kumakwane

Pafupi ndi mudzi wa Kumakwane, kumadzulo kwa Gaborone m'dziko la Botswana, pali mabwinja a mishoni ya Kolobeng. Mu 1847, David Livingstone ndi anthu a Mfumu Sechele anatchinga mtsinje wa Kolobeng nakumba ngalande yothirira minda. Chaka choyamba zinayenda bwino, koma chilala chitapitirira mtsinjewo unaphwa. Mu 2015, damu lalikulu la Gaborone nalo linatsala pang'ono kuuma. Deralo limalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 500 pachaka, pomwe dzuwa ndi mphepo zimauma madzi akuya pafupifupi mamita awiri pa dziwe.

Okonza mabwalo a gofu m'dera lotere, monga la Phakalane kumpoto kwa Gaborone, ali ndi vuto lofanana ndi lathu. Udzu umafuna madzi chaka chonse, koma mvula imagwa mwamphamvu m'miyezi yowerengeka. Motero dziwe limapatsidwa ntchito ziwiri zokokana. Kuti ligwire madzi othamanga, liyenera kukhala ndi malo mvula isanagwe. Kuti lithirire m'chilimwe, liyenera kukhala lodzaza. Akatswiri amaika paipi yotulutsira madzi chapamwamba pa khoma: za pansi pa paipiyo ndi nkhokwe, za pamwamba ndi malo olandirira madzi osefukira.

Ife ochulukitsa mbewu tiyambe ndi masamu. Milimita imodzi pa hekitala ndi malita 10,000. Chimanga chimafuna mamilimita 500 mpaka 800, kutanthauza malita 5 miliyoni mpaka 8 miliyoni pa hekitala. Koma kunyengo ngati ya Gaborone, dziwe lotambalala theka la hekitala limataya malita pafupifupi 10 miliyoni pachaka popanda wotunga. Ndiye chifukwa chake dziwe lakuya ndi lopapatiza limaposa lotambalala ndi losaya, ngakhale onse alowe madzi ofanana.

Pali zina zitatu zofunika. Kumtunda kukhale kadziwe kogwira mchenga ndi matope, kosavuta kukapa chaka ndi chaka. Pansi patsenderedwe dongo kapena payalidwe pulasitiki yolimba, makamaka pa dothi lamchenga. Pambali pa khoma pakhale njira yotakata yotayira madzi, yobzalidwa udzu monga vetiva, pakuti madzi odumpha pamwamba pa khoma ladothi amaligumula.

Madzi akatha chimanga chikumasula ngayaye ndi ndevu, mungu sugwira bwino, zitsononkho zimatuluka zagweru, ndipo mgwirizano ndi kampani yogula mbewu umasokonekera. Choncho inu ogulitsa zipangizo zaulimi, musanapereke pampu kapena mapaipi, funsani mlimi kuya kwa dziwe lake, kukula kwa munda, ndi mwezi umene mbewu idzamasule. Madzi awerengedwe kufikira mwezi umenewo ndi kupitirira, mbewu isanalowe m'nthaka.