Sitima Yankhondo Siyenda Yokha

Ndikamaphunzitsa mbiri ya nkhondo za panyanja, ophunzira amathamangira kufunsa kuti sitima inali ndi mizinga ingati. Ine ndimawauza kuti ayambe afunsa kuti sitimayo inkamvera yani, nanga inkalondera yani. Chitsanzo chimene chimandikhudza mtima ndi USS Johnston, sitima ya dziko la America ya mtundu wa destroyer.

Destroyer ndi sitima yaing'ono, yaliwiro, yachitsulo chopyapyala. Ntchito yake ndi kuperekeza sitima zikuluzikulu, kusaka sitima zoyenda pansi pa madzi ndi kugwetsa ndege za adani. Johnston, yotalika mamita pafupifupi 115, inamangidwa ku Seattle ndipo inayamba ntchito pa 27 Okutobala 1943, mkulu wake ali Ernest Evans wa ku Oklahoma. M'chaka cha 1944 inawombera malinga a Japan ku Kwajalein ndi ku Guam, ndipo mu Meyi, mothandizana ndi zinzake ziwiri, Haggard ndi Franks, inamiza sitima yapansi pa madzi ya I-176.

Ife ophunzitsa mbiri tikatsegula malipoti a sitima, diso limayamba lagwa pa nambala ya gulu. Mu Okutobala 1944 ya Johnston inali 77.4.3. Iwerengeni monga timatchulira mfumu yaikulu, gulupu ndi nyakwawa. Nambala 77 ndi khamu la sitima za Seventh Fleet limene linapita kukalanda chilumba cha Leyte ku Philippines; 4 ndi chigawo cha sitima zing'onozing'ono zonyamula ndege; 3 ndi kagulu ka Clifton Sprague, kodziwika pawailesi kuti Taffy 3. Kanali ndi zonyamula ndege 6 ndi zoperekeza 7. Nambalayi ndiyo imatiuza chifukwa chimene sitima inapezekera pamalo pakutipakuti tsiku lakutilakuti.

M'mawa wa pa 25 Okutobala, kufupi ndi chilumba cha Samar, kagulu aka kanangoti gululu ndi sitima 23 za Japan zotsogozedwa ndi Takeo Kurita, pakati pawo pali Yamato, chimphona cha matani pafupifupi 70,000. Sitima zikuluzikulu za America zotsogozedwa ndi William Halsey, zimene zikanatseka njirayo, zinali zitanyengedwa n'kuthamangira kumpoto. Evans anachita zimene limachita thadzi likaona kabawi. Anafukiza chiutsi chakuda kuti abise zonyamula ndege, n'kulunjika kwa adani. Anaponya ma torpedo onse 10, ndipo mphuno ya sitima ya Kumano inaduka.

Posakhalitsa zipolopolo zinaboola Johnston. Evans anaduka zala ziwiri, malaya atang'ambikiratu. Chipinda chowongolera chitawonongeka, anakaima kumbuyo kwa sitima n'kumafuulira pachibowo anyamata amene ankapotoza chiwongolero ndi manja kunsi. Zinzake, Hoel, Heermann ndi Samuel B. Roberts, nazo zinalowa m'motomo, ndege za gululo zikuvutitsa adani ngakhale zina zitatha zipolopolo. Kurita anaganiza kuti wakumana ndi gulu lalikulu, ndipo anabwerera.

Johnston inamira cha m'ma 10 koloko, patatsala masiku awiri kuti ikwanitse chaka pantchito. Mwa anthu 327, anafa 186, Evans ali m'gulumo. Opulumuka anayandama panyanja masiku awiri. Miyezi yomweyo, azigogo athu a King's African Rifles ankalimbana ndi mdani yemweyo m'nkhalango za ku Burma.

Mu 2021 Victor Vescovo anatsikira pansi pa nyanja mamita oposa 6,400 n'kuipeza ili chilili, nambala 557 yolembedwa pa sitimayo ikuonekabe. Chala chimodzi sichiswa nsabwe: pa zonyamula ndege 6 za Sprague, mizinga ya Kurita inamizapo imodzi yokha, ndipo asilikali amene anali pagombe la Leyte sanakhudzidwe. Mukamva dzina la sitima yankhondo, funsaninso za gulu lake ndi za amene inawateteza.