Kusamutsa Kompyuta ya Maseŵera Kuchoka pa Windows 10

Nkhani ya sabata ino ikukhudza omvera a m'maboma a Dowa ndi Ntchisi, makamaka achinyamata amene kompyuta ndiyo khasu lawo. Pa Mponela, m'mbali mwa msewu wa M1, ndi m'misika ina ya m'mapiri a maboma aŵiriŵa, muli timashopu momwe ana amalipira ndalama pang'ono kuti aseŵere mpira kapena mpikisano wa magalimoto pa kanema. Ena mwa eni timashoputi amagwiritsa ntchito kompyuta, ndipo makina omwewo ndiwo amataipira anthu makalata ndi kuikira nyimbo m'mafoni. Kompyutayo ikaima, ndiwo za tsikulo zasoŵa.

M'boma la Dowa lomwelo muli msasa wa anthu othaŵa kwawo wa Dzaleka, umene udatsegulidwa mu 1994. Kumeneko bungwe la Ajezuwiti lidayamba maphunziro a ukachenjede a pa intaneti mu 2010, ndipo mu 2017 kampani ya Microsoft pamodzi ndi bungwe la UNHCR adatsegula malo otchedwa AppFactory ophunzitsira achinyamata kulemba mapulogalamu. Choncho nkhani ya makompyuta si yachilendo m'dera lino.

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse. Ntchito yake njofanana ndi ya kapitawo pa esiteti ya fodya: ndiyo imagaŵa ntchito, kusunga makiyi ndi kulola kapena kukaniza wofuna kuloŵa. Maseŵera ndi mapulogalamu ena onse amagwira ntchito pansi pake. Pa makompyuta ambiri m'Malaŵi kapitawo ameneyu ndi Windows, wa kampani ya Microsoft ya ku America. Windows 10 idatuluka pa 29 Julayi 2015, Windows 11 idatsatira pa 5 Okutobala 2021, ndipo pa 14 Okutobala 2025 kampaniyo idaleka kusamalira Windows 10 mwa nthaŵi zonse.

Kuleka kusamalirako sikutanthauza kuti kompyuta idzakana kuyaka. Mlimi wa ku Ntchisi amadziŵa kuti nkhokwe, ngakhale yolukidwa bwino, imafuna kumatidwa ndi kufoleredwa chaka ndi chaka. Ikasiyidwa sigwa tsiku lomwelo, koma makoswe ndi anankafumbwe amapeza poloŵera. Mwezi ndi mwezi Microsoft inkatumiza zomatira ming'alu imene yapezeka mu Windows 10, ndipo zimenezo ndizo zidaleka. Kuopsa kwa ming'alu yotere kudaoneka mu Meyi 2017, pamene vairasi yotchedwa WannaCry idatseka makompyuta m'maiko oposa 150, kuphatikizapo a m'zipatala za ku Britain. Idaloŵa m'makina amene sadalandire chomatira chimene chidatuluka miyezi iŵiri m'mbuyomo. Kompyuta ya m'shopu, imene tsiku lililonse imalandira mafulashi ndi makadi a m'mafoni a anthu osiyanasiyana, ili pa chiopsezo choposa cha makina a m'nyumba.

Nawonso opanga maseŵera amasamuka. Windows 7 idasiyidwa mu Januwale 2020, ndipo pa 1 Januwale 2024 sitolo yaikulu ya maseŵera ya pa intaneti yotchedwa Steam idaleka kuthandiza makina a Windows 7 ndi Windows 8. Mwini kompyuta ya Windows 10 ayenera kuyembekezera zofananazo m'zaka zikubwerazi.

Komabe si kompyuta iliyonse imene ingalandire Windows 11. Pamafunika RAM yosachepera 4 GB ndi malo osungira osachepera 64 GB, zimene makina ambiri a maseŵera ali nazo kale. Zovuta ndi ziŵiri. Choyamba ndi purosesa, amene ndi ubongo wa kompyuta. Wa Intel ayenera kukhala wa m'badwo wa 8, umene udayamba mu 2017, kapena wotsatira. Wa AMD akhale Ryzen 2000 wa mu 2018 kapena wotsatira. M'badwo wa Intel umaoneka pa nambala yoyamba pambuyo pa kamzere: i5-8400 ngwa m'badwo wa 8 ndipo ngwololedwa, i5-10400 ngwa m'badwo wa 10, koma i5-6500 ngwa m'badwo wa 6 ndipo ngwokanidwa. Chachiŵiri ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene kamasunga makiyi achinsinsi a kompyuta, pamodzi ndi Secure Boot, imene imaletsa mapulogalamu osadziŵika kudzuka kompyuta ikamayaka.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Microsoft ili ndi pulogalamu yaulere yotchedwa PC Health Check imene imapima makina ndi kunena chimene chikusoŵa. Ikanena kuti TPM palibe, mwini asafulumire kutaya mtima, chifukwa pa makompyuta ambiri kachipangizoka kalipo koma nkozimitsidwa. M'misiri wodziŵa ntchito amakayatsa mu BIOS, momwe kamalembedwa kuti PTT pa makina a Intel kapena fTPM pa makina a AMD.

Kompyuta ikapambana mayesowa, kusamuka nkwaulere kwa aliyense amene Windows 10 yake njovomerezeka. Ntchito yoyamba ndi kukopera makalata, zithunzi, nyimbo ndi posungira pamene oseŵera adafika m'maseŵera awo, kuziika pa fulashi kapena pa hard disk ina. Yachiŵiri ndi kupeza Windows 11 yeniyeni kuchokera kwa Microsoft. Kukula kwake kumaposa 5 GB, ndipo kwa munthu wogula bandulo ya pa foni imeneyi ndi ndalama. Nkwanzeru kuitsitsa kamodzi pamalo pamene netiweki ili yamphamvu, kuiika pa fulashi ya 8 GB, ndipo fulashi imodziyo ingathandize mashopu angapo. Yachitatu ndi kusankha nthaŵi. Ntchitoyi imatenga ola limodzi kapena kupitirira, ndipo magetsi akazima ili m'kati kompyuta ingathe kukana kuyaka. M'nyengo ya dzinja, pamene ziphaliwali zimachuluka m'mapiri, pamafunika UPS kapena batire la sola lodzaza. Pomaliza, mwini aike madalaivala atsopano a khadi la zithunzi, la Nvidia kapena la AMD, ndipo ayese maseŵera onse limodzi ndi limodzi. Windows 11 imalola kubwerera ku Windows 10 m'masiku 10 oyamba okha, choncho kuyesako kuchitike msanga.

Nanga kompyuta imene yalephera mayeso? Pali amisiri amene amadziŵa kukakamiza Windows 11 kuloŵa m'makina osayenera. Nzoona kuti imaloŵa, koma Microsoft idanena poyera kuti silonjeza kutumiza zomatira ku makina otero, ndipo maseŵera ena, monga Valorant, amakana kuyenda pa Windows 11 yopanda TPM 2.0 ndi Secure Boot. Choopsa kwambiri ndi Windows yobedwa imene imayendayenda m'mafulashi, pakuti palibe amene angadziŵe zimene adabisamo.

Njira zoona zilipo zitatu. Yoyamba ndi kulembetsa ku dongosolo lotchedwa ESU, limene Microsoft idalengeza kuti lidzapereka zomatira za Windows 10 kwa anthu wamba mpaka pa 13 Okutobala 2026. Imeneyi ndi nthaŵi yosonkhanitsira ndalama chabe. Yachiŵiri ndi kuchotsa kompyutayo pa intaneti, kuleka kulandirirapo mafulashi a anthu, ndi kuisiyira maseŵera amene alimo kale. Yachitatu ndi kuika kapitawo wina waulere wotchedwa Linux, amene adayambidwa ndi Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991. Mtundu wake wotchuka, Ubuntu, udakhazikitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi liwu lomwe m'Chicheŵa ndi umunthu. Linux imayenda bwino pa makina akale, njokwanira kwa wophunzira ndi wotaipa makalata, ndipo kuyambira 2018 Steam imayendetsapo maseŵera ambiri a Windows. Koma maseŵera ena otchuka a pa intaneti, monga Fortnite ndi Valorant, sayendapo, choncho mwini shopu ayambe waona zimene makasitomala ake amakonda.

Chenjezo lotsiriza likupita kwa ofuna kugula. Mu Disembala 2023 bungwe lofufuza za malonda la Canalys lidaŵerengera kuti makompyuta pafupifupi 240 miliyoni pa dziko lonse angatayidwe chifukwa cholephera kulandira Windows 11. Makompyuta ambiri ogulitsidwa m'mashopu a ku Lilongwe ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo mtengo wotsika umakopa. Mlimi amene wagulitsa fodya kapena soya ndipo akufuna kugulira mwana wake kompyuta asakhutire ndi kuona Windows 11 itayaka pa galasi, pakuti mwina idakakamizidwa. Apemphe wogulitsa kuti amuonetse nambala ya purosesa ndi kutsimikiza kuti TPM 2.0 ilimo, ndipo zimenezi zilembedwe pa lisiti ndalama isanatuluke m'thumba.